Chiwerengero cha madola chokha sichikwanira

Kwa Mkonzi,

Wolemba kalatayi, yemwe amakhala ku Kitwe ndipo amawerenga nyuzipepala ino kawirikawiri, akudandaula ndi momwe tsamba la zachuma limalembera nkhani za ndalama zakunja zimene dziko la Zambia lasunga, chifukwa Bank of Zambia ikangolengeza chiwerengero chatsopano, nyuzipepala imachiika pamutu waukulu wachisangalalo, osafotokoza kumene madolawo achokera, miyezi imene angakwanire, ngakhalenso gawo lake limene lili ndi eni ake odikira kubwezeredwa. Anthu a ku Kitwe ndi Ndola ali ndi chifukwa chokwanira chofunira kudziwa zimenezi, popeza mkuwa, umene mabanja awo akhala akukumba kuyambira nthawi ya atsamunda, ndiwo umabweretsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a ndalama zimene dziko limapeza pogulitsa katundu kunja.

Nkhokwe ya ndalama zakunja ndi chuma chimene banki yaikulu ya dziko imasunga m'madola a ku America, m'ndalama zina zodalirika ndi m'golide, kuti boma lithe kulipira ngongole zakunja, dziko lisasowe mafuta, mankhwala ndi feteleza, ndiponso kuti bankiyo ikhale ndi madola oti igulitse pamsika kwacha ikayamba kugwa mothamanga. Akatswiri a zachuma amayeza nkhokweyi powerenga miyezi imene dziko lingathe kugula katundu kunja litapanda kulandira dola ina iliyonse, ndipo miyezi itatu ndiyo imatengedwa ngati malire amene dziko siliyenera kutsika. Muyeso umenewu ndi umene mlimi aliyense amaudziwa, pakuti safunsa kukula kwa nkhokwe koma mwezi umene chimanga chidzathere, komabe nyuzipepala ino simautchula pafupipafupi.

Mbiri ya zaka zaposachedwa ikuonetsa kuopsa kosangalalira chiwerengero osafunsa gwero lake. Mu 2012, 2014 ndi 2015 boma linakongola madola 3 biliyoni onse pamodzi kudzera m'ngongole zotchedwa Eurobond, zimene ndi mapepala a ngongole ogulitsidwa kwa amalonda a m'misika yakunja, ndipo pa nthawiyo nkhokwe inkaoneka yodzaza ndi madola pafupifupi 3 biliyoni. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 2015, kwacha inataya pafupifupi theka la mphamvu yake, ndipo anthu masauzande anachotsedwa ntchito m'migodi ya ku Kitwe ndi Mufulira, pamene chiwongoladzanja cha ngongole zija chinkafunikabe kulipiridwa m'madola chaka ndi chaka. Pofika kumapeto kwa 2020 m'nkhokwe munatsala madola pafupifupi 1.2 biliyoni, osakwana miyezi itatu, ndipo mu Novembala chaka chomwecho dziko linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulephera kubweza ngongole m'nyengo ya Covid-19.

Kukwera kwa nkhokwe kumene kunatsatira ndiko kukufunika kufotokozedwa mosamala kwambiri. Mu Ogasiti 2021 bungwe la IMF linagawira maiko onse amene ndi mamembala ake chuma chotchedwa SDR, chimene dziko lingachisinthanitse ndi madola, ndipo gawo la Zambia linali la madola pafupifupi 1.3 biliyoni, motero nkhokwe inakula kuwirikiza kawiri m'mwezi umodzi popanda tani imodzi yoonjezera yotuluka mumgodi wa Nkana. Mu Ogasiti 2022 bungwe lomwelo linavomereza ngongole ya madola 1.3 biliyoni, imene inakwezedwa kufika pafupifupi 1.7 biliyoni mu 2024, ndipo m'zaka zonse zimene Zambia inkakambirana ndi oikongoza, malipiro a ngongole zambiri zakunja anali ataima. Palinso madola amene dziko linawakhetsera thukuta, monga misonkho imene makampani a migodi amalipira m'madola mwachindunji ku Bank of Zambia, ndi golide amene bankiyo inayamba kugula kumgodi wa Kansanshi ku Solwezi. Pamene nkhokwe inafika madola 4.3 biliyoni kumapeto kwa 2024, kupitirira miyezi inayi, wowerenga anayenera kuuzidwa gawo limene ndi lokolola ndi gawo limene ndi lobwereka, makamaka popeza boma linagwirizana ndi maiko oikongoza pa ngongole ya madola 6.3 biliyoni mu Juni 2023, ndi eni a Eurobond mu 2024, kutanthauza kuti malipiro anayambiranso.

Chimene chikupweteka kwambiri n'chakuti chaka cha 2024 chinabweretsa funso limene munthu aliyense wa pamsika wa Chisokone ku Kitwe ankalifunsa, koma tsamba la zachuma silinaliyankhe. Nkhokwe inkakula, komabe kwacha inkagwa mpaka kufika pafupifupi 28 pa dola imodzi, ndipo mitengo ya zinthu inkakwera ndi magawo opitirira 16 pa 100 pachaka. Mayi wogulitsa nsalu ndi nsapato, amene amapita ku Nakonde kapena ku Dar es Salaam kukapikula katundu, ankaima pawindo la byulo yosinthira ndalama, n'kuwerenga manambala olembedwa pachikwangwani, n'kupeza kuti mpamba umene mwezi watha unadzaza zikwama zitatu tsopano ukudzaza ziwiri ndi theka, ndipo atabwerera pabenchi lake ankafufuta mitengo n'kulemba ina, makasitomala n'kumuona ngati wadyera. Mayi ameneyu akanathandizidwa ndi ndime imodzi yokha yomufotokozera kuti madola a m'nkhokwe si omwewo amene amapezeka kubanki kapena kubyulo, ndi kuti mtengo wa dola umatsatira kuchuluka kwa ofuna kugula poyerekeza ndi ogulitsa. Chaka chimenecho ofuna madola anachuluka chifukwa cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024, pakuti madzi atachepa ku Kariba, dziko linayamba kugula magetsi kunja, ndipo owotcherera zitsulo, ogaya ndi ometa tsitsi anatembenukira ku majenereta odya mafuta ogulidwa ndi madola.

Ku Ndola nkhaniyi imaoneka ndi maso. Paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam, imene inatsegulidwa mu 1968, imathera mumzindawu, ndipo masiku ano imanyamula dizilo woyengedwa kale, amene lita iliyonse imalipiridwa m'madola. Bungwe la Energy Regulation Board limaunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi potsatira mtengo wa mafuta padziko lonse ndi mphamvu ya kwacha, motero kusintha kwa dola kumafika msanga kwa kondakitala wa minibasi ya pakati pa Kitwe ndi Ndola, kenako pa mtengo wa thumba la ufa pamsika wa Masala ku Ndola.

Wolemba kalatayi sakukana kuti nkhokwe yokula ndi chinthu chabwino, ndipo amene anaona mabanja akusamuka m'nyumba za ku Wusakile ku Kitwe ntchito zitatha sangafune kuti dziko libwerere kumene linali mu 2020. Pempho lake n'lakuti a Mkonzi alamule kuti nkhani iliyonse ya nkhokwe izitchula miyezi imene madolawo angakwanire, gwero lake, ndi malipiro a ngongole amene akubwera m'chaka chotsatira, pamodzi ndi matani a mkuwa amene akumbidwa, popeza cholinga cha boma cha matani 3 miliyoni pachaka pofika 2031 chili kutali ndi matani pafupifupi 820,000 a mu 2024. Bank of Zambia ili ndi ofesi yake ku Ndola, ndipo ku Copperbelt University ku Kitwe kuli aphunzitsi a zachuma ndi zamigodi, kotero mtolankhani wa nyuzipepala ino m'chigawo chino angathe kukafunsa mafunso amenewa tsiku lomwelo chiwerengero chatsopano chikalengezedwa.

Wowerenga wokhudzidwa,
Kitwe