Zapakhonde: Kodi ku London Nkutali Bwanji?

Mwezi wathawu mayi wina wa mumpingo mwathu adatipeza m'mamaŵa maso ali gwa, atachezera usiku wonse osagona. Mwana wao adakwera ndege dzulo lake masana pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, ulendo wa ku London, ndipo wina adaŵauza kuti ndi ulendo wa maora khumi. Maora khumiwo adakwana pakati pa usiku, koma lamya inali zii. Tidapemphera nawo, kenaka tidatenga pensulo ndi pepala.

Amene adanena za maora khumi sadaname kwenikweni. Tikatambasula ulusi pa mpira wa dziko lapansi, monga timachitira ndi ana a Sitandade 7, kuchokera ku Lilongwe kufika pa bwalo la Heathrow pali makilomita ngati 8,000, ndiwo mamailosi 5,000 kwa ife amene tidaphunzira kale. Ndege yaikulu idya makilomita oposa 800 pa ora. Ŵerengani nokha. Koma ndege yolunjika chotero palibe masiku ano. Waulendo ayenera kusintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Wodzera ku Addis Ababa auluka maora ngati anayi, nadikira pabwalo kufikira usiku, naulukanso maora ngati asanu ndi atatu. Wodzera ku Johannesburg ndiye achita zodabwitsa: ayamba waloŵera kummwera, kufulatira kumene akupita, ndipo pambuyo pake abwerera kumpoto makilomita 9,000, maora khumi ndi limodzi.

Palinso msampha wa wotchi. Nthaŵi yolembedwa pa tikiti ndi ya dziko limene ndege ikutera, si yathu ai. Addis Ababa ali patsogolo pathu ndi ora limodzi. London ali pambuyo pathu ndi maora aŵiri, koma kuyambira kumapeto kwa Marichi kufikira kumapeto kwa Okutobala atsalira ndi ora limodzi lokha, popeza Angerezi amasuntha mawotchi ao. Pamene mayi aja ankalira, mwana wao anali asananyamuke nkomwe ku Ethiopia. Lamya idalira tikumwa tiyi.

Sitidandaula nawo maorawo. M'chaka cha 1875 Dotolo Robert Laws ndi anzake adachoka ku London mu Meyi, nadzaloŵa m'nyanja yathu pa 12 Okutobala, sitima yao ya Ilala itachita kusenzedwa zidutswazidutswa polambalala mathithi a m'Shire. Miyezi isanu yasanduka tsiku limodzi.

Chimene chitisautsa ndi china. Poyendera mabanja monga akulu a mpingo, timapeza nkhalamba zimene ana ao ali ku Britain zaka zisanu ndi chimodzi, ena khumi, osapondako kwao. Tikudziŵa kuti tikiti ndi yodula, ndiponso kuti ena mapepala ao sali bwino, kotero akatuluka sadzaloledwa kubwerera. Amenewo sitiŵaweruza. Koma gogo wina, atamva masamu athu onsewa, adatifunsa kaŵiri kuti atsimikize: “Mukuti tsiku limodzi lokha, aphunzitsi?” Tidavomera, ndipo iwo sadanenenso kanthu.