Msonkhano wa ku San Francisco sungakulembeni ntchito ya mawu

Achinyamata ofuna kumveka mawu awo m'magemu a pakompyuta akupatsidwa malangizo amodzimodzi paliponse: pitani ku misonkhano ikuluikulu, kagwiraneni chanza ndi mabwana, ntchito idzakutsatani. Malangizo amenewa ndikuwakana, chifukwa amadyera ndalama anthu amene alibe kale, n'kuwabisira njira imene ntchitoyi imadutsa.

Tengani Game Developers Conference, msonkhano wa chaka ndi chaka wa mu Malichi ku San Francisco. M'zaka zapitazi tikiti yolowa paliponse inkapitirira madola 2,000, osawerengera ndege, viza ndi malo ogona mumzinda wodula chonchija. Nanga amadzaza maholowo ndani? Olemba mapulogalamu, ojambula zithunzi, ndi eni timakampani amene nawonso abwera kudzasaka wowapatsa ndalama. Munthu wa nkhawa zoterezi mukamutambasulira khadi lanu amalandira mwaulemu, basi zathera pomwepo. Ku Gamescom, ku Cologne, khamu lake n'lalikulu kuposa pamenepa.

Magemu akuluakulu salemba anthu m'makonde. Kampani imapereka ntchitoyo ku situdiyo yojambula mawu, situdiyo imatumiza timizere toyesera kwa ma agent, kawirikawiri dzina la gemu litabisidwa, wochita zisudzo n'kudzijambula n'kutumiza. Woweruza ndi khutu la dayirekita. Akufuna kumva ngati mungalire maliro a m'bale wanu muli nokha m'kachipinda, kenako n'kukuwa ngati mwalasidwa, kambirimbiri, mmero osatha. Troy Baker, amene anakhala Joel mu The Last of Us mu 2013, anayamba ndi kuika mawu a Chingerezi m'makatuni a ku Japan ali ku Texas. Abubakar Salim, Bayek wa mu Assassin's Creed Origins ya 2017, anaphunzira zisudzo ku LAMDA, ku London. Onsewa anayamba akhala ochita zisudzo.

Sindikunena kuti kudziwana n'kopanda ntchito. Dayirekita amaitananso munthu amene anamuona akusunga nthawi ndi kumva malangizo. Koma kudziwana kotereku kumabadwira pa ntchito. Januwale aliyense kumachitika Global Game Jam, pamene timagulu timapanga gemu m'maola 48, ndipo ambiri amasowa wowayankhulira. Pa webusaiti ya Casting Call Club opanga magemu ang'onoang'ono amafunafuna mawu tsiku lililonse. Mnyamata amene mwamuthandiza lero alibe kanthu, akadzapeza ndalama adzayamba wakumbukira inu. Ngakhale msonkhano wa ku San Francisco uja unayamba mu 1988 m'nyumba mwa Chris Crawford, anthu ochepa a ntchito imodzi akukambirana za ntchito yawo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti luso lenilenilo kwathu lilipo. Amene tinakula tikumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC, kapena Zimachitika wa Story Workshop, tikudziwa kuti mawu okha amatha kukuonetsa nkhalamba, chidakwa kapena mfumu osaona nkhope. Chosowa ndi maikolofoni yabwino, chipinda chosamveka tambala ndi minibasi, magetsi odalirika, ndi intaneti yosadukaduka pamene dayirekita akukumverani ali kutali. Ndalama ya tikiti imodzi ija ingagule zambiri mwa izi. Mukakhala ndi magemu awiri atatu oti muonetse, apo pitani ku misonkhano, ndipo Africa Games Week ya ku Cape Town ili pafupi.

Palinso choopsa chimene olimbikitsa zogwirana chanza satchula. Munthu amene waphunzitsidwa kuti ntchito ndi chifundo cha bwana amasaina chilichonse. Mamembala a SAG-AFTRA, bungwe la ochita zisudzo ku America, ananyanyala ntchito za magemu kuyambira Julaye 2024 mpaka Juni 2025, nkhani yaikulu ili yakuti makampani asamatenge mawu a munthu n'kuphunzitsira AI popanda chilolezo ndi malipiro. Anthu odziwika, a bungwe lamphamvu, anavutika pafupifupi chaka chathunthu. Wa ku Lilongwe kapena ku Chipata alibe bungwe lotere kumbuyo kwake. Kontirakiti ikanena kuti mawu anu ndi awo mpaka kalekale pa ntchito ina iliyonse, auzeni afufute mzere umenewo, ndipo akakana musasaine.