Mitengo tiziiwerenga mu Okutobala

Pa 15 Disembala chaka chilichonse dziko lino limatsegulira nyengo yobzala mitengo, ndipo imatsekedwa pa 15 Epulo. Akuluakulu amabzala mbawa imodzi pamaso pa atolankhani, n'kulengeza mamiliyoni a mbande. Chiwerengero chomwe sitimva ndi cha mu Okutobala, dzuwa la kunyanja likuswa mtengo, mbuzi zili zotayirira, moto wa osaka mbewa utadutsa. Ife tikuti aliyense wofuna ndalama zobwezeretsa nkhalango ku Nkopola ndi m'gombe lonse la Mangochi, kaya ndi bungwe, kampani kapena komiti ya m'mudzi, ayambe wafufuzidwa asanalandire ngakhale tambala, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo lizituluka mitengo ikapyola chilimwe.

Ndalama zilipo ndithu, n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yachangu. Mu 2016 Malawi adalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Pulojekiti ya MWASIP, yomwe Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza mu 2020, idafikanso ku Mangochi, ndipo makampani ogula mpweya wa kaboni akuyenda m'midzi ndi mapepala oti mafumu asayine. Koma mbiri yathu ikutichenjeza. Blantyre City Fuelwood Project, yomwe idayamba mu 1986 ndi thandizo la dziko la Norway, idadzaza bulugamu m'mapiri ozungulira mzindawo pamalo omwe anthu ankati ndi awo. Itaperekedwa m'manja mwa midzi, nkhalango zambiri zidadulidwa n'kutha. Kumeneko mbande zidamera bwinobwino, chomwe chidalephereka n'chakuti umwini sudalongosoke. Ku Turkey nako, pa 11 Novembala 2019 adabzala mitengo 11 miliyoni tsiku limodzi, koma patangopita miyezi yochepa bungwe la ogwira ntchito zaulimi ndi nkhalango lidati yambiri mwa yomwe lidayendera idali itauma, ngakhale boma lidatsutsa.

Wofufuza ayambe ndi funso la malo. M'midzi yambiri ya mafumu Mponda ndi Nankumba munda umatsata kuchikazi, ndipo mkamwini sachita changu kubzala mtengo wa zaka makumi awiri pamunda womwe angausiye banja likatha. Pulojekiti yomwe yakambirana ndi amuna okhaokha pabwalo, osafunsa amayi ndi eni mbumba, yalephera isanayambe. Kenako aone mtundu wa mtengo. Dothi la mchenga lomwe mumamera milambe ndi migwalangwa si la ku Chikangawa, ndipo chiswe cha kugombe sichichedwa kumaliza mbande ya bulugamu yotuluka m'chubu mochedwa. Koma funso lomwe mapepala opempha ndalama amalizemba kwambiri ndi lakuti, adadula mitengo yoyambayo ndani, ndipo wasiya? Yendani pamsewu wochoka pa boma kupita ku Monkey Bay muone njinga zopindika ndi matumba a makala, mauvuni a njerwa zomangira nyumba zogona alendo, ndi utsi wa owamba mlamba ndi kampango padoko. Nkhuni zimenezi zikuchokera ku Phirilongwe, ku Namizimu ndi m'mapiri omwe ena mwa iwo ali m'paki ya Lake Malawi, yomwe UNESCO idaiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Pulojekiti yosanenapo kanthu za kumene mayi wowamba nsomba adzapeze nkhuni ikungomulimira nkhuni zamawa.

Wofufuza wabwino afunsenso ngati kubzala kuli kofunika n'komwe. Mitengo yachilengedwe monga mombo ndi tsamba imaphukira pazitsa, mizu yake ili kale pansi. Ku Niger, njira yosamalira mphukira yomwe Tony Rinaudo adailimbikitsa kuchokera mu 1983 idabwezeretsa mitengo pamahekitala pafupifupi 5 miliyoni popanda nazale zodula. Kuno imanyozeka, mwina poti ilibe machubu ogula, magalimoto onyamula mbande kapena mwambo wodyerapo alawansi.

Ena akuti kufufuza kuchedwetsa ntchito pamene mvula siidikira munthu. Zoona, koma nazale imayamba miyezi ingapo mvula isanagwe, choncho kafukufuku achitike mu Meyi ndi Juni, osati mu Disembala. Ndipo kutaya chaka chimodzi n'kwabwino kusiyana ndi kubzala phiri lomwelo zaka zisanu zotsatizana. Dandaulo lolemera ndi lakuti malamulo okhwima amakomera mabungwe akuluakulu odziwa kulemba Chingerezi, n'kusiya komiti ya m'mudzi yomwe yasunga nkhalango yake zaka khumi popanda wolipira. Tikuvomereza kuti zimachitika. Mankhwala ake ndi kufufuzira pamalo, osati paofesi: mlangizi wa zankhalango akwere phirilo, aone njira yotchinga moto ngati yalambulidwa, awerenge zitsa zatsopano, afunse kuti wodula mtengo amalipa chiyani kwa mfumu ndipo womaliza kulipa adalipa liti. Pamayeso otere komiti ya m'mudzi ingathe kuposa bungwe la mumzinda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo nkhalango yooneka ndi maso iyenera kulemera kuposa yolonjezedwa papepala.

Nanga chilala chikapha mbande, wosauka alangidwe? Ayi. Ntchito yokumba maenje, kuthirira ndi kulondera ilipiridwe nthawi yake, pakuti munthu wakhetsa thukuta. Chomwe chidikire ndi gawo la bungwe loyendetsa pulojekitiyo, lomwe lidasankha malo, mtundu wa mtengo ndi tsiku lobzala. Khonsolo ya Mangochi ndi Nthambi ya Zankhalango zili ndi mphamvu pansi pa lamulo la nkhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020. Tikupempha kuti nyengo yobzala isanatsegulidwe, khonsoloyi imate pa bolodi lake dzina la pulojekiti iliyonse ya chaka chatha, ndalama zomwe idalandira, malo omwe idabzala ndi mitengo yomwe idapezeka yamoyo mu Okutobala.