Ngwazi ndi Mcona

M'caka ca 1905 Bambo Jules Torrend, wansembe wa ku France, anafika ku Kasisi nakhazika misyoni, ndipo mabuku amtama kufikira lero. Nkoyenera. Koma Azungu a masiku amenewo, pocokera ku Feira, sanakwere mapiri a Muchinga okha ai. Amtengatenga ndiwo anasenza mahema, mcere ndi macila, nalondola njira ya kumadzi. Maina ao analemba ndani? Coipitsitsa ndi ici: Mzungu wokhalitsa m'dziko la eni anamuyesa ngwazi, koma Mnyanja woyenda pansi kunka ku Wankie kapena ku Joni, citupa m'thumba, njala m'mimba, abale ace omwe anamucha mcona, cinkana ndalama zace ndizo zinawakhomera msonkho.