Tiphunzirepo pa ndudu ya ku Cuba



Ndiloleni ndiyankhuleko ndi alimi anzanga a fodya kudzanso abusa athu pa nkhani ya ndudu yaikulu ija azungu amaitcha cigar. Ena adzadabwa kuti munthu wophunzitsa ana zaka zambiri alemberanji za kusuta. Chandichititsa ndi funso ili: bwanji cigar imodzi yolemera magalamu ochepa imagulidwa madola oposa 10 m'masitolo akunja, pamene kilogalamu yathunthu ya fodya wathu pa okushoni ku Kanengo, ku Chinkhoma kapena ku Limbe imangopita madola awiri kapena atatu?

Yankho lake lili m'manja mwa anthu. Ku Cuba, m'dera la Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río, tsamba likachoka m'munda limauma pang'onopang'ono m'chigafa kwa milungu ingapo. Kenaka amaliunjika milumilu kuti litenthe lokha ndi kuchotsa ukali woyipa, nalisunga miyezi, lina mpaka zaka. Masamba a pamwamba pa mtengo, amene apsa ndi dzuwa, amawatcha ligero ndipo ndiwo amapereka mphamvu. A pakati, seco, amapereka fungo, pamene a m'munsi, volado, amathandiza kuti ndudu iyake bwino. Tsamba lokutira kunja amalilima pansi pa nsalu kuti likhale losalala. Mmisiri amasakaniza zonsezi nakulunga ndi manja, popanda pepala konse.

Ine ndinalawapo imodzi yamphamvu imene mphwanga wogwira ntchito ku Johannesburg anabwera nayo. Sasuta mothamanga ngati chingambwe. Umadula kaye kumutu, kuyatsa modekha, ndipo utsi sumeza, umangouzungulitsa m'kamwa n'kuutulutsa. Poyamba inandiyabwa lilime ngati tsabola. Patapita kanthawi kunabwera kukoma konga khofi wokazinga, ndi fungo longa la dothi mvula yoyamba ikagwa. Chakumapeto mphamvu inakula ndithu, moti munthu wosuta ndi njala akhoza kuchita chizungulire. Inanditengera pafupifupi ola lathunthu. Ndinavomereza kuti amene anaipanga amadziwa ntchito yake, ndipo akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga ife? Timavutika kuyambira pa nazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kusankha magiredi, koma pafupifupi fodya yense amatuluka m'dziko muno ali tsamba. Phindu lenileni limakapangidwa kumene amakamusandutsa ndudu ya dzina. Ndikudziwa kuti fodya wa cigar ndi mbeu ina, yosiyana ndi bale wathu, choncho sindikunena kuti titenge mabelo athu tiyambe kukulunga mawa. Koma onani ku Nicaragua: anthu ochokera ku Cuba anapita ndi luso lawo ku Estelí, ndipo lero mzindawo ndi wotchuka ndi ndudu zamphamvu. Tsamba lokutira la ku Cameroon limafunidwa ndi opanga cigar a kutali. Ngakhale anzathu a ku Maputo akukulunga cigar yawo yotchedwa Bongani. Kodi manja a Mmalawi, amene amadziwa tsamba labwino pongolikhudza, angalephere kuphunzira?

Tsopano kwa inu abusa, musaganize kuti ndikuitanira nkhosa zanu ku utsi. Cigar, ngakhale munthu asameze utsi wake, imayambitsa khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, ndipo ili ndi nikotini wochuluka kuposa ndudu wamba. Fidel Castro, amene ndudu ya Cohiba inayamba kupangidwira iye mu 1966, anasiya kusuta mu 1985. Boma lathu nalo linalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta mu 2023. Achinyamata asayambe n'komwe, ndipo ndalama ya feteleza kapena fizi ya mwana isathere pa utsi.

Chimene ndikupempha ndi chakuti a Tobacco Commission, akatswiri a zaulimi ndi aphungu athu aganizire mozama za kukonza zokolola zathu konkuno tisanagulitse. Msika wa fodya ukadzachepa, phunziro lomweli lidzagwira ntchito pa khofi wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, ngakhale mtedza wa ku Mchinji. Abusa, nkhani imeneyi ikambidwe m'mabungwe a amayi ndi abambo pa mpingo, pakuti mlimi wogulitsa motchipa ndiye mkhristu yemwe uja amalephera kulipirira mwana sukulu.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Kasungu.