Khadi la ku banki ndi mbiri yanu ya ngongole

Ambiri mwa anthu amene amaima pamzere wa ATM mu Victoria Avenue kapena ku Limbe ali ndi khadi lolembedwa Visa, ndipo ena amaganiza kuti poti akhala nalo zaka zambiri, banki idzawakhulupirira tsiku lokapempha ngongole. Sizili choncho ayi.

Khadi limene ambirife tili nalo ndi la debit. Limangotulutsa ndalama zanu zomwe zili kale mu akaunti. Simunakongole chilichonse, ndiye palibe chokalembedwa mu mbiri yanu ya ngongole, ngakhale mutamagula nalo tsiku lililonse ku Chichiri. Khadi la prepaid, lija mumayamba mwathiramo ndalama, nalonso n'chimodzimodzi.

Losiyana ndi khadi la credit, lomwe kuno n'losowa ndithu. Apa banki imakuikirani malire a ndalama zake zomwe mungagwiritse ntchito n'kubweza pambuyo pake. Imeneyi ndi ngongole yeniyeni, ndipo ndi imene imasiya mapazi.

Mapaziwo amakathera kuti? Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Credit Reference Bureau Act, ndipo makampani osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data CRB ya mu Blantyre muno, amagwira ntchito ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi. Mabanki amatumiza kumeneko zoti wakuti anakongola zingati ndipo akubweza bwanji. Kale munthu ankathawa ngongole ku banki ina n'kukatsegula akaunti kwina ndi dzina lopotoza pang'ono. Chibwerere chitupa cha unzika mu 2017, chinyengo chimenecho chinavuta.

Mmene amawerengera malikisi a munthu zimasiyana dziko ndi dziko, koma a ku America anaika zawo poyera ndipo tingaphunzirepo. Malikisi a FICO amayambira pa 300 kulekeza 850. Magawo 35 mwa 100 alionse amachokera pa kubweza pa nthawi yake, ndipo magawo 30 amachokera pa kuchuluka kwa ngongole imene muli nayo.

Gawo lachiwirili ndi limene limadabwitsa anthu. Tinene kuti malire a khadi lanu ndi K500 000, ndipo mwezi uliwonse mumafika pa K480 000. Mukhoza kumalipira osaphonya tsiku, komabe wobwereketsa akaona zimenezi amaona munthu amene madzi afika m'khosi. Mnzanu amene amangogwiritsa K100 000 pa malire omwewo amaoneka kuti ali ndi popumira. Komanso kulipira kandalama kochepa kaja kamene banki imati musachepetserepo kumakutetezani kuti musalembedwe kuti mwaphonya, koma chiwongoladzanja chimapitirira kudya zotsalazo. Kwa ine, khadi limene simungathe kulilipira lonse pakutha pa mwezi ndi katapila wovala tayi basi.

Abale athu a ku Joni amadziwa mtundu winanso wa khadi: la m'sitolo, monga la Truworths kapena Mr Price, lotengera zovala pangongole. Ambiri amaliona ngati kanthu kakang'ono, koma limalembedwa ngati ngongole ina iliyonse, ndipo malaya osalipiridwa akhoza kukutsekerani ngongole ya galimoto. Lamulo la kumeneko, National Credit Act ya 2005, limalola munthu kuona lipoti lake kwaulere kamodzi pa chaka.

Chimene chimandiwawa kwathu kuno n'chakuti obweza mokhulupirika ambiri sadziwika. Mayi wa geni ku Ndirande kapena ku Bangwe amene wakhala mu banki mkhonde zaka khumi, osaphonyapo sabata, akafika ku banki amaoneka ngati sanakongolepo chibadwire, chifukwa kabuku ka gulu lake kamathera m'chikwama cha msungichuma. Pomwe wa pa ofesi amene ali ndi khadi la credit, mbiri yake imakula mwezi uliwonse.

Ngati mukuganiza zokapempha ngongole ya nyumba kapena ya bizinesi, yambani mwapita ku kampani yosunga mbiriyi ndi chitupa chanu, mukapemphe lipoti lanu. Onani ngati ngongole imene munamaliza inalembedwa kuti inatha. Ngati ikuonekabe, tengani kalata ya banki yosonyeza kuti munamaliza, ndipo mukadandaule musanalembe fomu yatsopano.