Galimoto ya magetsi imadya ngakhale itaima

TETE — Mlimi wa ku Angónia amene ali ndi ng'ombe za pa ngolo amadziwa kuti ng'ombe imadya ngakhale tsiku limene sinamangidwe goli. Galimoto yoyendera magetsi nayonso ili chimodzimodzi. Mwini wake akaiimika pakhomo, n'kutseka zitseko, n'kuchoka, batire lake limapitiriza kutaya mphamvu pang'onopang'ono, ndipo mtunda umene galimotoyo ikanayenda umanka nufupika.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali, koma ikusendera. Bungwe la International Energy Agency linalengeza kuti mu 2024 pa dziko lonse lapansi panagulidwa galimoto zotchajidwa ndi magetsi zoposa 17 miliyoni, ndiye kuti imodzi mwa galimoto zisanu zilizonse zatsopano. Chaka chomwecho boma la Ethiopia linaletsa kulowetsa m'dzikomo galimoto za anthu wamba zoyendera petulo ndi dizilo. Kuno ku Moçambique, mgodi wa ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado unayamba mu 2017 kutulutsa graphite, mwala wakuda wonga wa m'kati mwa pensulo, umene umalowa m'mabatire amenewa. Komanso galimoto zambiri za m'misewu ya Tete ndi zakale zochokera ku Japan, ndipo Nissan Leaf, galimoto ya magetsi imene inayamba kugulitsidwa mu 2010, ili kale pakati pa zimene amalonda a kumeneko amatumiza kunja.

Kodi mphamvu ya galimoto yoima imapita kuti? Ina imatha yokha m'kati mwa batire, monga imachitira foni yothimitsa imene yakhalitsa m'sutikesi, koma imeneyi ndi yochepa. Yambiri imadyedwa ndi makompyuta a m'galimoto, amene sagona tulo tenitenti. Nthawi ndi nthawi amadzuka kuyesa batire ndi kutumiza uthenga ku foni ya mwini wake. Kampani ya Tesla ya ku America inalemba m'buku lake la malangizo kuti galimoto yoimikidwa popanda kulumikizidwa ku magetsi imatha kutaya gawo limodzi pa magawo 100 tsiku lililonse. Ngati galimotoyo imayenda makilomita 400 batire likadzaza, ndiye kuti pa masabata awiri makilomita 56 apita, ndipo pa mwezi apita 120, tayala lisanagudubuzike ngakhale kamodzi.

Palinso zipangizo zimene mwini amasiya zoyatsa. Galimoto za Tesla zili ndi makamera olondera akuba, otchedwa Sentry Mode, amene amadya mphamvu yoposa imene yatchulidwayi chifukwa kompyuta imakhala maso usiku wonse. Zilinso ndi chipangizo choziziritsa m'kati kuti kutentha kusapitirire madigiri 40, chimene chimatha kugwira ntchito maola 12 mwini atachoka. Mu mzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 ngakhale pa mthunzi, chipangizo chotere sichingapume. Zonse ziwiri zimaleka zokha batire likatsika kufika pa magawo 20, koma apo n'kuti mtunda wambiri utapita kale.

Galimoto zopanda zipangizo zambiri, monga Leaf, sizitaya mphamvu chotero m'batire lalikulu. Vuto lake limabisala pena. Galimoto za magetsi zili ndi kabatire kena kakang'ono, kawirikawiri ka mavoti 12 konga ka galimoto wamba, ndipo ndi kameneka kamene kamadzutsa makompyuta ndi kutsegula njira ya batire lalikulu. Kakafa, galimoto siiyaka, ngakhale batire lalikulu likhale lodzaza.

Mphamvu yotayika m'njira zonsezi imabwerera munthu akatchaja. Koma pali kutayika kwina kosabwerera, ndiko kukalamba kwa batire. Batire la lithium limakalamba msanga likakhala nthawi yaitali lodzaza kwambiri, makamaka pamalo otentha, ndipo limaonongeka likasiyidwa lopanda kanthu. Mu 2012 eni a Nissan Leaf mu mzinda wotentha wa Phoenix ku America anadandaula kuti galimoto zawo zatsopano zayamba kuyenda mtunda waufupi. Batire la Leaf za nthawi imeneyo linalibe madzi oziziritsira. Buku la Nissan limachenjeza kuti galimotoyo isakhale maola oposa 24 pamalo otentha kupitirira madigiri 49, ndiponso isasiyidwe masiku oposa 14 batire litatsala pang'ono kutheratu. Batire ndilo chiwalo chodula koposa pa galimoto yotere, kotero kuti likafa, ndalama zimene munthu anasonkhanitsa kwa zaka zimasanduka chitsulo cha pabwalo.

Langizo lalikulu la Tesla ndi lakuti galimoto ikaima, ikhale yolumikizidwa ku soketi, kuti izidya magetsi a m'nyumba m'malo mwa a m'batire. Apa ndipo pagona nkhani kwa anthu a m'maboma a m'malire. Langizoli linalembedwera munthu amene ali ndi soketi pamene amaimika galimoto. Damu la Cahora Bassa limatha kutulutsa ma megawatt 2,075, koma gawo lalikulu limagulitsidwa ku South Africa, ndipo midzi yambiri ya ku Tsangano, Macanga ndi Chifunde sinafikiridwe ndi mawaya a EDM. Boma linadziikira chaka cha 2030 kuti magetsi afike kwa aliyense.

Sola ya pa denga singalowe m'malo mwa mawayawo. Batire la Leaf yoyamba limasunga ma kilowatt-hour 24, omwe aja amawerengedwa pa mita ya Credelec. Pa soketi wamba ya m'nyumba limadzaza usiku umodzi, pafupifupi maola 12. Sola ya ma watt 100, imene imakwanira nyali ndi foni, imapereka pafupifupi theka la kilowatt-hour pa tsiku, choncho ingatenge mwezi ndi theka kuti idzaze batirelo. Ndipo Leaf imeneyo ili yatsopano inkayenda makilomita 117 malinga ndi muyeso wa boma la America, pamene kuchokera ku Tete kufika ku Ulóngwè pali makilomita oposa 200, njira yake yokwera. Pa ulendo wotere kilomita iliyonse yotayikira pakhomo ndi yowawa.

Kumene kulibe soketi, mwini ayenera kuwerengera yekha. Wopita ku ganyu ku Joni kapena ku maliro a kutali asiye batire lili pafupi ndi theka, osati lodzaza mpaka pakamwa, osatinso lotsala pang'ono kutha. Awerenge masiku amene adzakhale kulibe, aphatikizepo mtunda wokafika pa soketi ya pafupi, ndipo ngati theka silikwanira aonjezereko. Galimoto ikhale pa mthunzi kapena pansi pa chisakasa. Makamera ndi zoziziritsira zithimitsidwe. Asamaifunse pa foni pafupipafupi, pakuti kufunsa kulikonse kumaidzutsa. Mbale wodalirika aziiyatsa kwa kanthawi pakapita masabata angapo kuti kabatire kakang'ono kadzazidwe. Kudzaza mpaka magawo 100 kudikire madzulo a tsiku loti mawa lake pali ulendo wautali. Pali mtundu wina wa batire, wotchedwa LFP, umene Tesla imalangiza kuti uzidzazidwa kotheratu kamodzi pa sabata, choncho mwini adziwe mtundu wa batire lake.

Wogula galimoto yakale achenjere koposa. Galimoto yochokera ku Japan imakhala masabata ambiri m'sitima ya pamadzi, kenaka imaimanso pa doko kudikira za msonkho. Nthawi yonseyi batire limakhala likutsika. Wogula afunse kuti inakwezedwa batire lili pa magawo angati. Pa Leaf yoyamba, kutsogolo kwa woyendetsa kuli timizere 12 tosonyeza thanzi la batire, tosiyana ndi tosonyeza kudzaza kwake. Timizere timeneti tikazimitsika sitibwereranso ndi kutchaja. Wogula apemphe chithunzi chake asanatumize ndalama.

Galimoto ya petulo ikakhalitsa, mwini amabwera ndi chigubu cha mafuta pa njinga, n'kubwereka batire kwa mnansi, ulendo nuyambika. Magetsi okwanira ulendo sanyamulidwa m'chigubu. Mpaka mawaya adzafike m'midzi, amene adzagule galimoto yotere adzafunika kudziwa zinthu ziwiri nthawi iliyonse asanatseke chitseko: masiku amene galimotoyo iime, ndi mtunda wa pakati pa khomo lake ndi soketi ya pafupi.